A Zuze Anatsala pa Msewu wa Mualadzi

Amene anandilakwira ndi furiyeli Tavares, mzungu amene ankalamulira gulu lathu m'tropa, gulu lankhondo la Apwitikizi, ku Chifunde. Anasiya akulu anga a Zuze pamsewu akupumabe.

Tropa sitinailowe mofuna. Shikola ine ndinali nditasiya kale, nditamenyana ndi mphunzitsi. Asilikali anatigwira tonse awiri, ine ndi a Zuze, m'munda, tikukolola chimanga.

Ntchito ya ife akuda inali kuyenda kutsogolo kwa magalimoto ndi chitsulo chosongoka, n'kumabaya dothi kufunafuna mina, mabomba okwirira aja. Azungu ankabwera m'mbuyo, akuponda m'mapazi athu. Zovala zinali zofanana, koma mbale zodyera ayi.

Tsikulo linayamba ngati masiku onse. Tinali pa msewu wa ku Mualadzi. A Zuze ankatafuna nzimbe, akundiseka kuti ndimabaya ngati ndikubzala nyemba. Kenako dothi linadzuka. Mfuti zinalira m'mitengo.

Fumbi litatsika, mwendo wawo wamanzere unathera pabondo. Ankalankhula bwinobwino. Anandifunsa ngati nsapato yawo ndaiona.

Ndege inatera. Inatenga mzungu wina amene anavulala chikhatho. Malo analimo, ndinawaona ndi maso angawa. Tavares anakupiza dzanja, ndege n'kunyamuka. Ndinamugwira pakhosi. Anzake anandimenya ndi zitako za mfuti, anandimanga manja, n'kundiponya m'galimoto. A Zuze anatsala pansi pa mtengo, atatsamira chikwama.

Chakutsogolo mfuti zinayambanso. Ndinadumpha n'kulowa m'tchire.

Chingwe ndinachidulira pamwala. Malaya a tropa ndinawakankhira m'dzenje la chiswe, chifukwa a m'tchire, omenyera ufulu amene tinkamenyana nawo, akanandiwombera poona malayawo. A tropa akanandiwombera poona nkhope. Ndinadutsa midzi yotenthedwa. Pena nkhokwe zinkafukabe utsi, agalu ali phee. Ndinkadya chinangwa chachiwisi.

Amayi ndinakawapeza ku Zambia, kumene anathawira ndi alongo athu. Analira, koma kumeta maliro anakana. Kwathu tsitsi limametedwa munthu ataikidwa. "Manda ake ndawaona ine?" anatero. Tsitsilo linakula, linachita imvi, linapotana ngati mizu.

Nkhondo itatha tinabwerera wapansi. Alongo onse anafika amoyo. Nyumba sitinaipeze, tinangozindikira mtengo wa mango.

Ine ndi amayi tinapita ku kwartelo, kumsasa wa asilikali, kumene azungu ankapakira katundu wobwerera kwawo. Kuseri kunali manda a anzawo, mitanda yopaka njereza, uliwonse ndi dzina lake. Ndinawerenga yonse. Dzina la munthu wakuda panalibe.

Tavares anali atakhala pabokosi, mfuti ili pamiyendo. Anali atawonda. Anandizindikira, dzanja lake n'kusunthira pamfutipo. Amayi anagwada patali mwaulemu, ndipo zimenezo zinanditentha mtima koposa. Ndinamufunsa m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka kuti a Zuze anawaika pati.

"Zuze uti?" anatero. "Analipo ambiri."

Amayi anandikoka buluku. "Akuti chiyani, mwananga? Akuti ndi kutali?"

Asilikali anali atasiya kupakira, akutiyang'ana. Ndinawadzutsa amayi, ndinawavula duku, n'kuwaimika pamaso pake.

"Awa ndiwo anabereka Zuze. Ona tsitsili. Zimene wanenazo uwauze wekha, iwe. Ine sindiwamasulira."