Chipinda cha madeya pa chigayo cha a Kaliwo

Ntchito ya pa chigayo ndinaipeza pamaliro. Tinali kwathu ku Nambuma, tikutsuka mbale kuseri kwa siwa, pamene mayi wina wokwatiwa ku Nsaru ananena kuti a Kaliwo, mphunzitsi wopuma amene anagula chigayo cha dizilo, akufuna munthu wamkazi woyeza chimanga, chifukwa anyamata amene ankawalemba sankachedwa kuyambana ndi azimayi. Ine ndinasiya mbale ili ndi thovu n'kumufunsa njira. Bambo a ana anga anali atapita ku maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo chaka chinali chitatha osamva ngakhale kutsokomola kwawo. Anandisiyira anyamata awiri: Limbani wa zaka zisanu, ndi Pilirani amene ankayenda koma bere anali asanalisiye. Mayi anga anali atatisiya kale, ndiye wondigwirira ana panalibe.

A Kaliwo anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, mkulu wa mpingo. Sanandifunse za sukulu. Anangondifunsa ngati ndili ndi ana aang'ono, ine n'kuyankha kuti alipo koma ali ndi wowasunga. Sindinaname, popeza eni nyumba imene ndinapeza kumapeto kwa Nsaru, mayi wachikulire, anali atavomera kumandionera.

"Pano sipafika mwana woyenda yekha," anatero a Kaliwo. "Wanu, wa mnansi wanu, ngakhale mdzukulu wanga. Tsiku limene ndidzamupeze, ntchito idzathera pomwepo."

Ndinaganiza kuti akuopa lamba, ndipo lambayo ngoopsadi. Amachokera ku injini kupita ku chigayo, akuthamanga mwakuti sumuona, ndipo akagwira nsonga ya chitenje sakufunsa dzina. Tsiku loyamba lomwelo a Jelasi, amene ankayendetsa injini, anandiuza kuti ndizimanga chitenje mothina ndi kubisa mfundo ya duku.

Ntchito yanga inali kuyeza chimanga m'tini n'kusalaza pamwamba ndi kathabwa, kuwaza madzi chimanga chopita ku chokonolera kuti madeya achoke bwino, ndi kugwira mphale ya aliyense ndi dzanja isanalowe m'chigayo. Mphale yosauma imamata sefa, injini n'kuyamba kubuula, utsi wakuda uli tolotolo. Azimayi ankalumbira kuti ayanika masiku awiri, koma ukafinya m'manja umamva kuzizira. Pamenepo m'pamene pankayambira ndewu, ndipo ine pakamwa panga sipachedwa. Ufa ukamatuluka ndinkamenya fanelo ndi ndodo kuti wotsalira ugwe, chifukwa palibe chimene mayi amadana nacho ngati kuganiza kuti ufa wake wapita m'thumba la mnzake.

Koma chimene chinkandidya mtima ndi kufuna kuona m'kati mwa chigayocho. Ine ndinakula ndikumva kuti chigayo sichiyenda chokha. Ankati mwini wake amakhwimira mwana, n'kumusandutsa ndondocha, kamunthu kodulidwa lilime kamene kamagwira ntchito mobisika osalankhula. Ndinali wamkulu, wa ana awiri, wopemphera, komabe tsiku limene a Jelasi anamasula mabawuti kuti asinthe sefa ndinasiya tsache n'kukasuzumira. Abale, munali tizitsulo basi. Tizitsulo tathyathyathya tolendewera, timene amati nyundo, ndi sefa yopindika kunsi kwake. Nyundozo zimamenya chimanga mpaka chikwanire kudutsa m'timabowo, ndipo mphepo imakankhira ufa ku fanelo. Sefa ya mabowo aang'ono ndi ya ufa woyera, yokulirapo ndi ya mgaiwa. Ndinafunsa kuti basi zatha pamenepa? A Jelasi anaseka mpaka kukhala pansi, akuti aliyense watsopano amasuzumira choncho.

Miyezi itatu inayenda bwino. Kenako eni nyumba aja anaitanidwa ku Namitete kukadwazika mwana wawo, ndipo sanabwere msanga. Ndinayesa kuwatsekera anyamatawo m'nyumba tsiku limodzi. Pobwera ndinapeza Limbani wakoleza moto pakati pa nyumba, ati amafuna kumuphikira mng'ono wake phala. Anyamata si anthu owasiya okha ndi machesi. Anthu a ku Nsaru ndinali ndisanawazolowere, popeza ndinkachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo mayi mmodzi amene ndinamupempha anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti akenso akumukanika.

Kuseri kwa chigayo kunali kachipinda kosungira madeya, amene a Kaliwo ankagulitsa kwa oweta nkhumba. Kanali ndi chitseko chakunja ndi kawindo kakang'ono kopanda galasi. Eni ake sankalowamo kawirikawiri, makiyi ena anali ndi ine. Ndinayamba kulawirira ndi ana, n'kuwalowetsa mmenemo anthu asanabwere, ndi mbatata yophika, botolo la thobwa ndi galimoto ya mawaya ya Limbani. Injini ikazima masana ndinkazemba kukayamwitsa. A Jelasi anazindikira tsiku lachiwiri. Anangondiyang'ana n'kunena kuti iwo maso awo ali pa injini.

Vuto linali Limbani. Mwana ameneyu anabadwa ndi mafunso m'kamwa. Chigayo chimamwa chiyani? Nanga chikakhuta chimatani? Bwanji nkhumba zimadya madeya koma sizisanduka zoyera? Pokagona ankafunsabe mpaka ine kugona ndisanayankhe. Ndiye ndinamukhazika pansi n'kumuuza mwamphamvu kuti m'chipinda muja pakamwa azitseka. Wina akaitana, asayankhe. Wina akasuzumira, akhale chete. Makamaka abwana aatali aja akamumva, ntchito yatha, ndipo ikatha sitidya. Ndinabwereza kangapo mpaka anagwedeza mutu.

Khoma la pakati linali ndi mpata pamwamba, ndiye fumbi la ufa linkagwera mmenemo tsiku lonse. Madzulo ndinkawapeza ali mbuu, tsitsi, nsidze, ngakhale m'makutu. Ndinkawapukuta ndi chitenje chonyowa anthu onse atapita, n'kudzera njira ya kudimba.

Tsiku lovutalo linali la msika, anthu atangokolola. Mzere wa matumba ndi madengu unafika kumsewu. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu tinamva phokoso m'chigayo ngati wina waponya makasu pamwala, ndipo a Jelasi anathamangira kukazimitsa injini. Msomali unali utalowa ndi chimanga cha munthu n'kung'amba sefa. Amene sanagwirepo ntchito pa chigayo sadziwa mmene pamakhalira zii injini ikazima. Umamva ngakhale nkhuku ikupalasa.

Tili mkati momasula mabawuti, mayi wina wa pamzere anazungulira kuseri kukafuna mthunzi. Anamva tsache likulira m'chipinda cha madeya, n'kusuzumira pawindo. Zimene anaona anazifotokoza yekha pambuyo pake, kambirimbiri: kamunthu koyera thupi lonse kakusesa madeya, kena kali gone pa matumba osagwedezeka. Anakapatsa moni, kanangomuyang'ana. Anafunsa kuti ndiwe mwana wa yani, kanangoti duu, tsache lili m'manja.

Kukuwa kwake ndinakumva ndili ndi sipanala m'manja, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo. Pamene ndinkatuluka, msika wonse unali ukukhamukira kuno. Ogulitsa kaunjika, anyamata a nyama yootcha, azimayi a tomato, ena atatola kale zidutswa za njerwa. Mawu amodzi okha ndi amene ankayenda pakamwa pa aliyense: ndondocha. Ndinayesa kudutsa kuti ndifike pachitseko koma ankandikankhira kumbuyo, ndipo mawu anga ankangomira. Anyamata ena anathamangira kunyumba kwa a Kaliwo n'kubwera nawo atawagwira mikono, ali ndi nsapato imodzi.

Apa m'pamene ndinamvetsa lamulo lawo lija. Silinali la lamba lokha. Munthuyo ankadziwa zimene anthu amanena za eni zigayo, ndipo sankafuna kuti ngakhale mthunzi wa mwana uoneke pamalo pake. Anaima pakhomopo n'kulumbira pamaso pa onse kuti m'chipindamo muli madeya okha, ndipo kuti atsegula okha aliyense aone. Anatulutsa makiyi awo, n'kukankha chitseko.

Limbani anali chilili pakati pa chipinda, woyera ngati wagwera m'dengu la ufa, maso okha akuphethira. Kumbuyo kwake Pilirani ali gone chagada. Nkhope ya a Kaliwo sindidzaiiwala. Anabwerera m'mbuyo ngati nawonso ayamba kukhulupirira. Njerwa ina inamenya malata.

Ndinadutsa pansi pa mkono wa munthu, n'kukaima pakhomo nditatambasula manja. Ndinanena kuti awa ndi ana anga, ndinabereka ndekha, ndipo abwana sakudziwa kanthu. Wina anati andilipira kuti ndinene choncho. Wina anafunsa kuti ngati ndi anga, bwanji palibe anandionapo nawo pa Nsaru pano? A Jelasi anayesa kundiikira umboni, koma anauzidwa kuti iwonso amadya pomwepo. Kenako gogo wina wogulitsa fodya wa mphuno anabwera kutsogolo n'kunena kuti nkhaniyi njosavuta. Ndondocha ilibe lilime. Mwanayo alankhule.

"Limbani, auze agogowa dzina lako," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Kaliwo, n'kuluma milomo.

"Lankhula, mwanawe. Ndakuloleza."

Chete. Mwana amene ankandibowola makutu usana ndi usiku. Gogo uja anati basi angotulutsa lilime tilione, koma iye anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinamugwedeza paphewa, ndinamunyengerera, ndinamuopseza ndi chikoti, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kumumenya khofi pamaso pa anthu onsewo. Anthu anayamba kusunthira pafupi. Ndinamva wina kumbuyo akufunsa kumene amasungira dizilo.

Anatipulumutsa ndi Pilirani. Phokoso la njerwa yachiwiri linamudzutsa, ndipo ataona chikhamu cha anthu anatsegula kukamwa konse n'kulira kulira kwake kuja kogwetsa nyumba, lilime lili panja lofiira bwinobwino. Anatsika pa matumba, n'kundithamangira, n'kulowetsa dzanja m'bulauzi mwanga kufuna bere. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo n'kumuyamwitsa. Mayi wina anayamba kuseka, anzake n'kutsatira, gogo uja n'kunena kuti ndondocha yoyamwa sanaionepo. Ndinatuma a Jelasi ndowa ya madzi owazira chimanga, ndipo ndi dzanja limodzi ndinamusambitsa Limbani kumaso mpaka khungu lake linaoneka. Njerwa zinayamba kugwa pansi imodziimodzi. Ena anachoka akung'ung'udzabe kuti wamkuluyo sanalankhule, ndipo mpaka ndinachoka ku Nsaru panali mabanja amene ankapita kukagayitsa kutali.

A Kaliwo sanandikalipire. Bola akanatero. Anakhala pa thumba la madeya nthawi yaitali akuyang'ana phazi lawo lopanda nsapato, kenako anandifunsa chifukwa chimene sindinawauzire kuti wosunga ana wachoka. Ndinati ndinkaopa lamulo lawo. Anati lamulo ndi lamulo, nditenge ana ndizipita, adzanditumizira mawu. Tsiku limenelo chigayo sichinalirenso.

Tinadzera pamsewu, poti chobisa panalibenso. Pilirani anali kumbuyo, Limbani akukoka galimoto yake ya mawaya, mpaka tinadutsa msika. Mkwiyo unali usanandithere. Ndinamufunsa kuti kodi iwe, mafunso onse aja unawasiya kuti? Ukudziwa kuti anthu aja akanatentha chigayo? Bwanji sunalankhule nditakuuza ndekha?

"Abwana aja anali pomwepo," anatero. "Munati akandimva sitidya. Ndiye Pilirani akanadya chiyani?"

Ndinaima pamsewu. Ndinamufunsa ngati sankaopa anthu aja ndi njerwa zawo. Anati ankaopa kwambiri, mpaka anadzikodzera pang'ono, koma madeya anabisa. Kenako anafunsa ngati wachita bwino. Ndinalira pamenepo, anthu a njinga akudutsa akundiyang'ana.

Mawu a a Kaliwo anabwera patapita masiku angapo, kudzera kwa a Jelasi. Akazi awo anavomera kuti anyamatawo azikhala kwawo masana pamodzi ndi adzukulu, kufikira eni nyumba anga atabwera. Ndinagwira pa chigayopo zaka zinayi, ndipo ndinafika posintha sefa ndekha ndi kuzindikira msomali ndi khutu usanawononge. Ndagwiranso ntchito zina kuchokera apo, zina zowawa kuposa imeneyo, anyamatawo akukula, akung'amba makabudula, akumenyana, akudya ngati dzombe. Ndawatuma madzi, nkhuni, kumunda, ndipo ndawakalipira mokwanira. Koma sindinauzenso mwana wanga aliyense kuti kudya kwa pakhomo kwadalira iye. Mwana amamva zimenezo ndi mtima wonse, ndipo amanyamuladi mtolowo.

Limbani anayambanso kulankhula ndi anthu momasuka, koma zinatenga nthawi. Kwa milungu ingapo, mlendo akafika pakhomo, ankayamba wandiyang'ana kaye kumaso asanayankhe moni.