Mpeni wa ku Bulawayo

"Mphunzitsi wanji iwe, wodya nyama yozinga Anasala!"

Adakuwa choncho amalume, a Namakhwa, pabwalo la tchalitchi anthu asanabalalike. Iwo adali mkulu wa mpingo, ine mphunzitsi pa sukulu ya mishoni. Mlandu wanga udali woti ndidapita ku Chonde kwa mlongo wanga Lute, amene adakwatiwa ndi telala wachiyao, Che Sumaila, n'kukadya nawo nyama tsiku la Idi.

Ndidawayankha kuti nkhosa imene Asilamu amakumbukira tsiku limenelo ndi yomwe ija ya Abrahamu, imene ndinkaphunzitsa ana m'kalasi.

"Abrahamu sadali Mchawa!"

"Nanga adali Mlomwe?"

Anthu adaseka. Amalume adandiloza ndi ndodo, ine ndidailanda n'kuithyola pabondo. Mtima wanga ndi wotero, sindibisa. Sabata lisanathe ntchito idandithera, ndipo amalume adalamula kuti Lute asadzapondenso pakhomo pa amayi. Bambo, poti adali mkamwini pamudzipo, adangozyolika. Ndidakwera sitima pa Luchenza, kudzera ku Beira, mpaka ku Bulawayo.

Sekondale yanga ija siidandithandize kanthu kumeneko. Ntchito ndidaipeza m'butchala ya nkhalamba yachiyuda, Bwana Mendele: kusenza nyama, kuithira mchere kuti magazi atuluke, kuiperekera panjinga m'nyumba za azungu. Tsiku loyamba adandifunsa dzina.

"Isake," ndidatero.

"Isake! M'chilankhulo chathu dzina limenelo ndi kuseka. Nanga nkhope iyi waibwereka kwa ndani?"

Sindidaseke. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa butchalayo, fungo la nyama lili m'bulangete momwe. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kwa amayi. Mayankho ankalemba amalume, poti wodziwa cholembera pamudzi adali iwowo, ndiye munkakhala za mvula ndi za msonkho, za Lute ayi. Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi ndinkapita kusiteshoni kukangoimirira, mwina n'kumva munthu akulankhula chakwathu.

Kumeneko ndiko ndidadziwana ndi Che Amidu, mlonda, Myao wochokera kwathu konkuno. Nyama ankagula kwa Mendele basi, akuti mpeni wa Myuda ankaukhulupirira. Mpeniwo Mendele ankauyendetsa pachikhadabo cha chala chachikulu m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Ukangokodwa pang'ono, tsiku limenelo suzinga kanthu mpaka unoledwenso. Ankati mpeni wobenthuka umazunza chiweto, ndipo nyama yotero siidyedwa.

Lachisanu Che Amidu ali kumzikiti, Loweruka butchala yatsekedwa, Lamulungu ine ndili kutchalitchi. "Mulungu mmodzi, ife tampatsa masiku atatu opuma," ankatero Che Amidu. "N'chifukwa chake akuchedwa kutiyankha."

Nkhalamba ziwirizi zinkakangana pa kauntala ngati akazi a mitala. Pa Mose, Yosefe ndi Davide ankamvana, kungosiyana katchulidwe, uyu Mose uyu Musa. Koma mwana amene Abrahamu adakwera naye phiri kukapereka nsembe, pamenepo ndiye pankavuta.

"Adali Isake."

"Isimaila, bwana. Woyamba kubadwa ndani?"

"Nanga wa kwa mkazi wamkulu ndani?"

Akafika pa Yesu, Mendele ankangokweza mapewa, Che Amidu n'kumati Isa ndi mneneri wamkulu koma Mulungu sabala mwana, ine n'kumenya chitseko kutuluka. Mawa lake tonse tili pomwepo, tikuyambiranso. Zaka zidapita choncho. Ndidatopa nazo nkhanizo monga mmene munthu amatopera ndi nsapato zothina pamene alibe zina.

Uthenga wa imfa ya bambo udandipeza maliro ataikidwa kale. Zotsalazo ndidamva kwa munthu wakwathu amene ndidakumana naye kusiteshoni kuja: Lute adabwera, koma amalume adamuimitsa kumsewu. Adalirira pansi pa mtengo wa mango, bokosi likudutsa.

Nditamufotokozera Mendele, adapukuta manja pa epuloni n'kundifunsa kuti Abrahamu atamwalira adamuika m'manda ndani.

"Isake," ndidatero.

"Kawerengenso, mphunzitsi."

Ndidakatsegula buku loyamba la Mose. Adamuika ali awiri, Isake ndi Ismayeli, wothamangitsidwa uja. Pamene ndinkatsazika kuti ndibwerere kwathu, nkhalambayo idandikulungira mpeni wake wakale m'nsalu. Iye kwawo kutsidya kwa nyanja kudalibe wotsala, onse adathera m'nkhondo, ndiye sadandiletse.

Ndidatsika pa Luchenza tsitsi litayamba imvi. Phiri lidali pomwe paja, minda ya tiyi yomwe ija, anthu akutukwana boma la Chitaganya m'misika. Amayi adali atafupika. Ndidapeza akukonzekera sadaka ya bambo, ndipo amalume adali atagula kale nkhumba. Sindidafunse. Pakaphikidwa nkhumba Lute ndi ana ake sangakhudze ngakhale mbale, ndipo amalume ankadziwa zimenezo bwinobwino.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndidawakhazika pansi. Ndidawawerengera za ana awiri aja pamanda a bambo wawo. Ndidawauzanso kuti ngakhale liwu loti sadaka, limene iwo ankalitchula ndi kamwa lonse, tidalibwereka kwa Asilamu omwewo.

"Udachoka pano uli Mchawa," adatero amalume, "wabwera uli Myuda. Chaka chamawa udzakhala chiyani, Mmwenye?"

Ndodo yawo yatsopano idali pafupi ndi phazi langa. Ndidaiyang'ana, koma mphamvu zothyolera ndodo ndidalibenso. Zaka zonse zija, ulendo wonse uja, kubwera ndi vesi m'manja ngati mankhwala, n'kupeza wodwala sakufuna kumwa. Amalume adanyamuka akupukusa mutu.

Amayi adali pakhonde akusola nandolo, ngati sakumva. Mlongo wawo atapita adandikodola.

"Isake, mavesi akowo Lute adya?"

Adanditengera kuseri kwa nkhokwe n'kuvundukula chiguduli. Padali mphika watsopano ndi mbale zinayi zosadyerapo. Adazigula ku Limbuli ndi kandalama kanga kaja, n'kuzibisa kuti zisadzakhudzane ndi mafuta a nkhumba.

"M'khola muli tonde wa bambo ako. Amalume ako akhala akundikakamiza kuti ndigulitse, ine ndimangoti akudwala. Za Isake wa m'buku lakolo ndi mnzakeyo ine sindizidziwa. Ine ndidabala awiri, ndipo pa sadaka ya bambo awo adya awiri. Ankolo akowo adye nkhumba yawo."

"Nanga akakwiya?"

"Adayamba liti kukondwa?"

M'mawa mwake ndidamanga tonde uja chingwe, mpeni ndidaika m'thumba la jekete, ulendo wa ku Chonde. Ndidadutsa pakhomo pa amalume akusukusula. Adayang'ana mbuzi, adayang'ana ine.

Lute adandiona ndili patali, adaponya tsache n'kukhala pansi, akulira. Che Sumaila adaimitsa makina osokera pakhonde, natuluka mosafulumira.

"Alamu, mwabwera kudzandiuza kuti wokwera phiri ndi Abrahamu uja adali Isake?"

"Ndabwera ndi mbuzi ya bambo. Ikufuna wozinga."

Ndidamasula nsalu ija n'kuwapatsa mpeni. Adautembenuza, kenaka adauyendetsa pachikhadabo cha chala chachikulu, pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire.

"Adanola ndani uwu?"

"Myuda."

"Ankadziwa," adatero. Adagoneka mbuziyo moyang'ana kumpoto, n'kundicheukira. "Nanga mwangoima bwanji? Gwirani miyendo, alamu."

Ndidavula jekete, ndidagwira.