Matope a Kuseri kwa Chithunzi

Sunthirani kuno, khalani phee, ndikuuzeni za ntchito imene ndinaiyamba imvi zili mbuu.

Chaka chija mapiri anagumuka ndi mvula, munda wanga ku Likoswe unasanduka mchenga wokhawokha. Ndinapita pa Namadzi kukafuna ganyu. A Namakhwa, amene ankapanga mafulemu a zithunzi kuseri kwa msika, anandiyang'ana m'manja nati, "Anganga, simunjenjemera. Mubwere mawa." Ine ndinkapukuta magalasi ndi sipiriti, kudula makatoni ndi lezala ndi kupaka guluu. Galasi ankadula okha ndi kachitsulo, kukanda kamodzi n'kuthyola.

Tsiku lina kunabwera bambo a ku Mpama, a Chikopa, atakulunga kachithunzi m'jumbo. Kutsogolo kunali akazi awo. Kuseri, mwana wawo anajambulako nkhuku ndi bolopeni. Onse awiri anapita ndi matope, mitembo osapezeka. Kachithunziko anakatola pamene panali nyumba, theka la nkhukuyo litakwiririka ndi matope ouma.

"Mwanayu sitinamujambulitsepo," anatero. "Mukamata katoni kuseriku, mwandikwiririra mwana kachiwiri."

A Namakhwa anati tigwiritse ntchito magalasi awiri, lina kutsogolo, lina kumbuyo, popanda guluu. Anakuza mpata wa m'fulemu ndi chizulo kuti onse akwane. Ine anandiuza kudula timizere ta katoni toika m'mphepete, kuti nkhope isagunde galasi, chifukwa chithunzi chimene chinanyowapo chimamatirira, nkhope n'kutsalira pagalasi. Kenako anati, "Chotsani matopewo. Madzi ayi."

Ndinatenga nthenga n'kuyamba kusesa pang'onopang'ono, mpweya nditagwira. Mchira wa nkhuku unaoneka. Nditafika pamwendo, kachibuma kanagwa, koma kanatenga khungu la pepala. Mwendo wa nkhuku unapita nako, panangotsala poyera.

A Chikopa anandigwira dzanja, osati mwaukali. "Mayi, lekani."

"Achimwene, tikasiya chonchi chioneka chauve," anatero a Namakhwa.

"Chauve? Ine manda ndilibe oti ndikasese. Anthu anga ali m'dothi limeneli. Lisiyeni."

Kunja makondakitala ankakuwa za ku Zomba. A Namakhwa anatola kachibuma kaja ndi nsonga ya lezala n'kukaika pansi pa chithunzi, pakati pa magalasi. Ine ndinagwirizira fulemu, iwo n'kumalowetsa timisomali ndi pulayala, poti hamala ikanagwedeza matope ena. Anamangirira waya pamwamba nati, "Osakoleka pakhoma. Mupachike kudenga, chizitembenuka."

Kuyambira tsiku limenelo, chinthu cha munthu sindinkachipukuta ndisanafunse. Dothi lina si litsiro.

A Namakhwa galasi linawadula mtsempha wa padzanja chaka chotsatira, shopu inatsekedwa. Pano amagulitsa makala. Ine ndinabwerera kumchenga wanga uja, ndimadzalamo mbatata. A Chikopa sanakwatirenso. Ndinakumana nawo pamaliro ena, ndinawafunsa za chithunzi chija. Anati chili m'kanyumba kamene anawamangira a mpingo. Mphepo ikalowa chimatembenuka chokha, mwina kuona mayi, mwina nkhuku ya mwendo umodzi. Anati masiku amene akufuna kupita kumunda, amayamba atseka zenera, apo ayi amangokhala pansi n'kumachiyang'ana chikutembenuka.