Nkhope ya Pansi pa Utoto

Mpaka lero, mitambo ikayamba kuda pamwamba pa Budapest, mayi Etelka Barcsai amasiya chimene akuchita n'kukaima pawindo, manja atawabisa m'epuloni. Oyandikana nawo amati mayi wokalambayu amaopa ziphaliwali. Si ziphaliwali ayi.

Nkhondo itatha, Etelka ndi mwamuna wake Vilmos ankakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba yosanja imene mbali ina inagumuka ndi mabomba. M'mawindo anamatamo mapepala opaka mafuta poti magalasi kunalibe. Pachitseko panali kathabwa kolembedwa kuti Vilmos Barcsai, katswiri wojambula. Dzina la Etelka panalibe, ngakhale awiriwa anadziwana kusukulu yojambula, m'kalasi imodzi.

Utoto weniweni wa mafuta unkasowa kuposa nyama. Etelka ndiye ankatola zidutswa za njerwa m'mabwinja n'kuzipera kuti apeze wofiira. Wakuda ankaupala m'mbaula. Ankawiritsa mafupa a mahatchi mpaka atuluke guluu wonunkha wosakanizira utotowo, ndipo fungo lake linkamukakamira m'tsitsi. Vilmos ankajambula matupi, mbendera ndi mitambo, koma nkhope zinkamukanika, maso ankatuluka ngati a nsomba. Choncho nkhope zonse ankajambula Etelka, akatha kusenda mbatata ndi kutunga madzi kumpopi wa pabwalo. Alendo akafunsa za iye, Vilmos ankayankha akuseka:

"Uyu? Uyu ndi wotsuka maburashi basi."

Boma latsopano litakhazikika, fakitale ina yosula zitsulo inaitanitsa chithunzi chachikulu cha mmisiri atanyamula nyundo, choti chipachikidwe pakhoma pa tsiku la antchito. Chinsalu chachikulu choncho chinalibe kogula. Vilmos anasolola chimene ankachibisa kuseri kwa kabati. Chinali chithunzi cha mkulu wa asilikali a boma lakale, chimene anachijambula nkhondo ili mkati posinthana ndi thumba la ufa ndi chitini cha mafuta a nkhumba. Masiku amenewo anthu ankatengedwa ndi apolisi pa zifukwa zochepa kuposa chimenecho.

"Ndinakuuzani kale kuti tichiwotche," anatero Etelka.

"Kuwotcha chinsalu? Mutu ukuyenda bwino, mkazi iwe? Tingopaka pamwamba."

"Utoto wapansiwo ndi wa mafuta. Wathu wa guluuwu sugwira pa mafuta, ukanyowa ukokoloka."

"Ndikudziwa, tinaphunzira limodzi. Chipachikidwa tsiku limodzi lokha. Ngati ukudziwana ndi akumwamba, kawauze adikire."

Etelka anapaka choko pachinsalu chonse, chitauma anapakanso. Kenako anajambula nkhope ya mmisiri pamwamba penipeni pa nkhope yakaleyo, imenenso anaijambula yekha. Burashi ikamadutsa ankamva timizere ta ndevu zakale tikukanda pansi pake. Vilmos analemba dzina lake m'munsi ndi zilembo zikuluzikulu zoti ziwerengeke ngakhale munthu ali patsidya pa msewu.

Tsikulo kunacha kotentha. Oimba malipenga anali kutsogolo, antchito akuguba ndi mbendera. Etelka anaima m'khamu pafupi ndi Vilmos, koma maso ake sanali pa oguba. Cha kumasana anamzeze anayamba kuuluka chapansipansi, mphepo n'kubwera ndi fungo la mtsinje. Dontho loyamba la mvula linamugwera padzanja.

Unayamba kutsika ndi utoto wofiira, kuchucha pakhoma la fakitale mpaka m'ngalande. Kenako tsaya la mmisiri linasendemuka. Pachifuwa pake panaonekera mamendulo, kenako kolala ya yunifolomu, pomaliza ndevu zija. Malipenga analira pang'ono n'kuyamba kusiya limodzilimodzi. Palibe anaseka. Anthu anagwetsa nkhope, ndipo amene anaima pafupi ndi banjali anasuntha mwakachetechete mpaka awiriwa anatsala pamtetete.

Atafika kunyumba Vilmos sanakhudze supu ya nyemba. Anavala malaya awiri ndi sokosi zaubweya, kunja kukutentha, podziwa kuti abwera kudzamutenga. Etelka anamuikira buledi m'thumba la jasi. Sanamuuze kuti ndinanena ine.

Dzuwa lisanalowe anagogoda apolisi achinsinsi awiri ovala majekete achikopa. Analowa mwaulemu, mmodzi mpaka anapukuta nsapato pakhomo.

"Ntchito yabwino, bambo Barcsai," anatero wamkuluyo. "Nkhope zonse ziwiri, dzanja limodzi. Yapansiyo ikuchita ngati ilankhula. Simunathandizidwe ndi aliyense?"

Ankafunsa Vilmos koma akuyang'ana Etelka. M'zikhadabo za mayiyu munali mudakali fumbi lofiira la njerwa. Analowetsa manja m'epuloni pang'onopang'ono. Vilmos anatulutsa kuseka kwake kuja, koma kouma.

"Uyu? Uyu ndi wotsuka maburashi basi. Sangajambule ndi mbatata yomwe."

Anamutenga Vilmos yekha.

Vilmos anabwerako patapita zaka, mano atatha, manja akunjenjemera, ndipo sanagwirenso burashi. Etelka ndiye anadyetsa banja polemba zikwangwani za masitolo ndi kukonza nkhope pa zithunzi zakale za anthu otayika kunkhondo, zonsezo pansi pa dzina la pachitseko lija. Kathabwako sanakachotse, ngakhale mwini dzina atamwalira.

Koma chimene amakumbukira kwambiri ndi madzulo aja a tsiku limene anamutenga. Mapazi atazilala pamasitepe, anaona kuti chitseko cha chipinda choyang'anizana ndi chawo chinali chotsegula pang'ono, wina ataima kuseri kwake akusuzumira. Etelka anasiya chake chili chotsegulanso, anathira madzi m'beseni, anagwada poti wosuzumirayo amuone n'kuyamba kutsuka maburashi.