Mnansi Wathu Wokana Tiyi

Mnansi wathu kuno ku Lufita ndi bambo wochokera kummwera, wogwira ntchito ya kasitomu pamalire a dziko. Ku Boma amapita wapansi ngakhale njinga ali nayo, ndipo m'thumba mwawo simusowa botolo la madzi. Ukawapatsa tiyi, thobwa kapena nthochi yakupsa, amangoti, "Yewo chomene, ndakhuta." Chitumbuka chawo chimathera pomwepo.

Masiku ano a chipani chimodzi, mlendo wokana chakudya anthu samumvetsa. Ambiri amati bambowa ndi kazitape, moti akangotulukira pa bawo, nkhani zonse zimazima.

Tsiku lina pamaliro ku Kaseye, Mayi Esnart, mmodzi wa amayi ophika, anawabweretsera kapu ya tiyi, iwo n'kukana monga mwa nthawi zonse. Mayiwo sanasunthe.

"Adada, chibwerereni kuno simunalandirepo cha m'manja mwathu. Mukuopa kuti tikuthirirani mankhwala?"

Anthu onse anacheuka. Bambowo anawerama, uku akupotokola chipewa chawo.

"Amama, ndili ndi matenda a shuga, ndipo akungokwera. Adokotala anandiletsa zotsekemera," anatero chapansipansi. "Ndimaopa kuti abwana akamva andipumitsa ntchito. Komanso munthu wamkulu ngati ine, kumathawa supuni ya shuga ngati mwana woletsedwa, ndikanayamba bwanji kukuuzani?"

Palibe anaseka. Aja ankawatcha kazitape anangoti zyoli, maso pansi.

Mayi Esnart anabwerera kumoto, nabwera ndi kapu ina yopanda shuga. Bambowo anailandira ndi manja awiri mofulumira, mpaka tiyi wina anatayikira pathalauza. Wotsalayo anamwa yense osadzutsa mutu.