Banga la pa TV ya Achimwene

Achimwene anga ndi telala. Amasokera pakhonde la nyumba imene anatisiyira bambo ku Kabwata, pa makina omwewo amene bambo anabwera nawo kuchokera ku Malawi posamukira m'dziko lino ife tisanabadwe. Ine singano inandikana ndili mwana. Ndinathawira kusukulu, ndipo lero ndimagwira ntchito ya mu ofesi n'kumagona ku Woodlands, m'kanyumba ka kuseri kwa eni ake. Kupatula Idi ndi maliro, chimene chinkatikumanitsa awirife ndi gemu ya mpira. Lamulungu lililonse masana ndinkakwera basi kupita ku Kabwata, tinkalumikiza makina a gemu ku TV, aliyense n'kugwira padi yake ya mabatani oseweretsera, achimwene n'kuyamba kundikwapula. Ankandichinya zigoli uku akufunsa akazi awo, alamu anga, ngati tiyi wapsa.

Chaka chimene ndikunenachi, kuzizira kutangoyamba, ndinawina. Ndinavina pabalaza mpaka alamu anatuluka kukhitchini kudzaona chimene chagwa. Lamulungu lotsatira ndinawinanso. Pofika Lamulungu lachitatu kuvina kunali kutandithera, chifukwa ndinaona mmene ndinkawinira. Mpira unkadutsa pamapazi pa wosewera wawo iwo osaugwira, ndipo ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi.

"Iwe, TV iyi yasila," anatero akuponya padi pampando. "Ona pakati apo. Yapsa."

TV yawo inali pulazima yakalekale, yolemera ngati chitseko cha chitsulo, yotentha moti mu Juni tinkaiwothera. Mtundu umenewu umapsadi. Chithunzi chikakhalitsa pamalo amodzi chimasiya chipsera pagalasi, ndipo pakona ya m'mwamba, pamene pamakhala kabokosi ka zigoli, panalidi kachipsera kozimiririka. Koma pakati panalibe kanthu. Ndinapita pafupi, ndinapukuta ndi kansanza, ndinayang'ana chammbali.

"Siniona kanthu, achimwene."

"Maso yako ni ya mu ofesi. Uona chabe vamene bakulembela."

Ndinaseka nawo, koma ndinakumbukira bambo. Bambo athu anafa osaona. Anali ndi matenda a shuga, ndipo maso awo anapita pang'onopang'ono. Poyamba wolakwa anali babu la pakhonde, kenako anthu opanga singano amene ati anayamba kuchepetsa zibowo. Achimwene, ali mnyamata, ankadzuka m'mawa kulowetsa ulusi m'singano zambirimbiri n'kuzibaya pakatani, kuti makasitomala akabwera asaone bambo akulimbana ndi chibowo. Pamene tinawatengera kuchipatala, adokotala anangoti tachedwa. Achimwene nawonso anapezeka ndi shuga zaka zingapo zapitazo. Mankhwala ankamwa akakumbuka, ndipo supuni ya mu tiyi sinachepe.

Tsiku lomwelo alamu anandiitanira kukhitchini ngati akufuna ndiwatsitsire chinthu pamwamba pa kabati.

"Mulamu, sabata yatha banasoka suti ya bulu na kotoni yakuda," anandinong'oneza. "Mwine wake anabweza. Osabauza kuti nakuuzani."

Munthu amene ankasiyanitsa mitundu ya ulusi ali tsidya lina la msewu! Ndinafunsa ngati anawatchulira za kuchipatala. Alamu anati anayesa, ndipo yankho linali lakuti chipatala chinawathandiza chiyani bambo. Nyumba yonse ija, chakudya chake ndi sukulu ya ana, yaima pa singano imodzi. Ndinkadziwa kuti ndikangotchula maso, achimwene atseka pakamwa ndi pakhomo pomwe, ndipo ngakhale Lamulungu lathu litha.

Choncho ndinavomera kuti wolakwa ndi TV. Ndinene zoona, ndinkafunitsitsa kuti akhale TV. Sabata imeneyo nthawi ya nkhomaliro anzanga akupita kukadya, ine ndinkatsala pakompyuta kuwerenga za magalasi. Ndinaphunzira kuti chithunzi ndi timadontho, ndipo manambala amene amalemba pamakatoni aja, 720, 1080, 4K, amanena kuchuluka kwa timadonthoto. Ndinaphunzira kuti TV ya LED ili ndi nyale kumbuyo kwa galasi, pamene ya OLED kadontho kalikonse kamadziyatsa kokha. Ndinawerenganso kuti TV zina zimachedwa: udina batani, wosewera n'kumenya mpira mochedwa pang'ono, pokhapokha utaiika pa makonzedwe a gemu. Chilichonse chimene ndinkapeza ndinkachigwira ndi manja awiri. Mwina ndi kuchedwako. Mwina pulazima ikakalamba imachita mdima umene ine sindinauzindikire. Kenako ndinkakumbuka suti ya buluu ija, n'kutseka kompyuta.

Lamulungu lotsatira ndinanyamula TV yanga ya ku Woodlands, LED ya 1080, ndinaikulunga m'bulangete n'kuikweza takisi. Achimwene anailandira ngati mkamwini wobwera kudzafunsira, kuizungulira, kuigogoda kumbuyo.

"Yopepuka monga mbale," anatero. "Muli kanthu mukati umu?"

Titayatsa anavomera kuti ikuwala bwino. Mtima wanga unakhala pansi kwa theka loyamba lokha. Atalephera kugwira mpira kawiri anati ikuchedwa, ine ndinaiika pa makonzedwe a gemu iwo akuona. Anaphonyanso. Anasendeza mpando kutsogolo mpaka mawondo anagunda tebulo.

"Nayo iyi ili na kabanga," anatero. "Ma TV yochipa ni so. Banakugulisa yakugwa."

"Pati, achimwene?"

Analoza pakati penipeni, pamene panali udzu wobiriwira woyera bwino. Alamu anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi. Tinayang'anana, iwo n'kubwerera ndi thireyi yawo osaitula.

Achimwene ndiwo ananena kuti tipite m'tauni Loweruka tikaone TV zenizeni. Anati tinyamule makina athu a gemu, chifukwa nsalu sugula usanaigwire, ndipo zithunzi za mbalame ndi zipatso zimene amaonetsa m'masitolo ndi zonamiza anthu. Usiku wa Lachisanu sindinagone bwino. Ndinkadziwa kuti m'tauni muli TV zopanda chilema, ndipo sindinkadziwa chimene achimwene adzachite akadzasowa chonamizira.

Tinatsika basi m'tauni dzuwa litakwera, makina ali m'chikwama atakulungidwa m'chitenje cha alamu. Podutsa Cairo Road ndinazindikira kuti ndawagwira chigongono. Anandisasa dzanja. Sitolo imene tinalowa inali ndi khoma lonse la ma TV, kuyambira ting'onoting'ono pansi mpaka zazikulu ngati chitseko, zonse zikuonetsa mbalame imodzimodzi. Magetsi a m'sitolomo anali oyera mbee, opanda pobisala mthunzi. Wogulitsa anali bambo wa tayi yofiira, wa pakamwa pothamanga.

"Shani bakamba!" anapereka moni kwa achimwene. "Mufuna ya bwanji? Ya bola, ya mafilimu, ya bana?"

"Ya gemu," anatero achimwene. "Koma tiyesa na makina yathu. Ngati simufuna, tiyenda pa sitolo inangu."

Wogulitsayo anaseka n'kutitengera chingwe. Tinayamba ndi yaing'ono ya 720. Achimwene anaikana asanagwire n'komwe padi, ati osewera akuoneka ngati nyerere. Ya 1080 anati ndi mphwake wa yanga ija. Tinafika pa LED yaikulu ya 4K, wogulitsa n'kuyamba kufotokoza kuti timadontho take n'tochuluka kanayi kuposa ya 1080.

"Namvela," anamudula achimwene. "Ni monga nsalu. Kotoni ikankhala yambili, nsalu ibwela yosalala."

"Ndiye ivo, bakamba! Imwe muziba."

Ndinawonjezera kuti makina athu ndi akale, satulutsa 4K yeniyeni, TV imangotambasula chithunzi. Ndinkalankhula zambiri tsiku limenelo, ndipo palibe amene anandifunsa. Ndinkaopa kuti pakakhala chete achimwene anena za banga. Anasewera pang'ono, mutu uli chopendekera, n'kunena kuti kuwala kwake kukuwalasa m'maso. Za banga sananene. Anangofunsa ngati pali ina yoposa pamenepa.

Inalipo, payokha pakona, yopyapyala ngati chikuto cha buku. Wogulitsa anatsitsa mawu poitchula, ati iyi ndi OLED, amagula ndi anthu olemera a ku Kabulonga. Anati chakuda chake ndi chakuda chenicheni chifukwa kadontho kakazima kazimiratu, ndipo pa gemu sichedwa ngakhale pang'ono. Anachenjeza chinthu chimodzi chokha, kuti nayonso ukaisiya pa chithunzi chimodzi nthawi yaitali ikhoza kusiya chipsera.

Wogulitsa analumikiza. Makina athu akale omwewo, koma bwalo linaoneka ngati ungalowemo. Ndinaona mizere ya udzu, mithunzi ya osewera, ngakhale msoko wa pakolala ya jezi. Ndinaganiza kuti telala ayamba ndi kuona msokowo, ndipo ndinadikira kuti aunene. Anyamata awiri amene ankadutsa panja anaima pakhomo kuonerera. Tinayamba. Ndinawapatsira mpira dala, pang'onopang'ono, pakati pa bwalo. Unadutsa.

Achimwene anaimitsa gemu.

"Ba bosi, iyi mwaionesa maningi," anatero. "Yapsa kudala. Muzagulisa bwanji chinthu chili na banga?"

"Awe bakamba, iyi tachosa mu katoni sabata ino. Banga ili pati?"

"Apa." Anapita pafupi n'kuloza pakati, chala chitatsala pang'ono kukhudza galasi. Kenako anayang'ana TV ya pambali pake, ya mbalame ija. "Na iyi." Anayang'ana ina. Mawu anayamba kuchepa. "Na iyi futi."

Anatembenuka kuti amukalipire wogulitsayo, chala chikadali m'mwamba. Anamuyang'ana kumaso. Ndinaona chala chija chikutsika. Anakweza dzanja n'kuphimba diso lamanzere, kuyang'ana nkhope ya munthuyo, kenako anaphimba lamanja. Anabwerezanso. Bambo ankachita chimodzimodzi pakhonde paja akaganiza kuti palibe akuwaona.

Wogulitsa anayang'ana ine. Anyamata a pakhomo aja anachoka.

"TV yanu ili bwino, ba bosi," anatero achimwene. "Mutikhululukile, tamutayilani nthawi."

Anazula okha chingwe, anakulunga makina m'chitenje mosamala, ngodya ndi ngodya monga amapindira nsalu ya kasitomala. Panja anakana basi. Tinayenda wapansi kudzera ku Kamwala, pakati pa mawilibala ndi anthu ofuula mitengo ya zovala. Ndinkafuna kunena chinthu, koma chilichonse chimene chinkabwera chinali cha timadontho ndi manambala. Titawoloka njanji ndi pamene achimwene anayamba kulankhula.

"Iwe unaziba."

"Nenze kuyopa chabe, achimwene."

"Naine." Anayenda pang'ono. "Niiona na pa nsalu. Na pa nkhope ya mulamu wako. Koma kunyumba ungakambe ati ni malaiti, ati ni TV. Muja munalibe chonamizila."

Ndinati masiku ano si nthawi ya bambo, madokotala ali ndi njira zina munthu akafika msanga. Sindinkadziwa ngati tinali msanga. Titafika pa mpanda wa nyumba, achimwene anaima.

"Pa Mande upemphe ku nchito," anatero. "Unipeleke. Mulamu wako nizamuuza neka."

Za kuchipatala ndi nkhani yaitali ya mabenchi ndi madontho a m'maso. Diso lamanzere madokotala analipulumutsa lisanapite patali. Lamanja banga lake lilipobe, ndipo lidzakhalapo. Achimwene akusokabe, masana okhaokha, ndipo tiyi wawo masiku ano ndi wowawa ngati mankhwala. Pulazima ija ikadali pabalaza.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi madzulo a Loweruka lomwelo. Titalowa, achimwene sanapite m'nyumba. Anakhala pa mpando wawo pakhonde, pamene panali diresi ya mwana wasukulu yodikira mabatani. Anatenga singano, ananyowetsa ulusi ndi milomo, anayesa. Anayesanso atatembenukira kudzuwa. Kale akanati singano za masiku ano ndi zachabe. Tsiku limenelo anangotambasula dzanja n'kundipatsa zonse ziwiri, osandiyang'ana.

Ine amene singano inandikana ndinalimbana nayo mpaka ulusi unalowa. Ndinawapatsa. Anaigwira, anakoka ulusi kuuyesa, kenako anakankhira kwa ine kachitini konse ka singano.

"Ikilatu zambili," anatero. "Uzibaye pa katani."