Nkhuku ya Apongozi m'Galimoto ya Mipando Iwiri

Ndinanyamuka ku Kambuzuma, lokeshoni yathu m'dziko la Ashona, kukungocha, mkazi wanga Esinati ataima pakhomo, manja m'chiuno, mimba ili patsogolo ngati ikufuna kundiperekeza.

"Mukabwera opanda amayi, chitseko chino musagogode," anatero.

Sankaseka. Anali atapita padera kawiri, ndipo ulendo uno analumbira kuti kuchipatala sapondako mayi ake asali pambali pake. Masiku anali atakwana, msana unali utayamba kale kumunong'oneza. Amayi akewo, a Naphiri, ankakhala pakomboni ya famu ina ya fodya kuseri kwa Norton, kumene malemu amuna awo anakalambira chichokereni ku Dedza. Basi ya kumeneko inali italeka kuyenda inzake itaponda bomba lokwirira. Inali nthawi ya nkhondo ija, anyamata omenyera ufulu ali m'tchire, ndipo kumafamu lamulo linali lakuti dzuwa likalowa, chilichonse choyenda pamsewu ndi nyama ya asilikali. Kupita ndi kubwera kumayenera kutheka dzuwa likadali m'mwamba.

Ndinakwera basi ya ogwira ntchito ku Willowvale, choimirira, mphuno yanga ili m'khwapa mwa munthu wosamudziwa, mpaka kugalaja kumene ndinkagwira ntchito. Mwini galajayo tinkamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo wa fodya sankachoka pakamwa pake. Munthuyu anali ndi matenda amodzi: timagalimoto tothamanga, ta mipando iwiri. Anali nato titatu, ta mtundu umodzi koma tobadwa zaka zosiyana, ndipo ife tinatipatsa maina: Agogo, Amalume ndi Mdzukulu. Inu ana a makombi, amene mumakhala anayi pampando wa atatu, tcherani khutu ndikuphunzitseni.

Agogo anabwera nkhondo yaikulu ya azungu itangotha. Mwa iwo umakhala tsonga ngati uli m'tchalitchi. Chiwongolero chachikulu ngati lichero chimakugunda pachifuwa, chitseko chodulidwa pamwamba kuti chigongono chizipuma panja, kutsogolo thabwa lenileni lonunkhira polishi. Kawotchi koonetsa liwiro anakaika kumaso kwa wokwera naye, osati kwa woyendetsa, kuti wamantha aziona yekha imfa ikubwera. Zopondera zinali zothinana moti ndi nsapato ndinkaponda ziwiri nthawi imodzi. Agogo ndinkawayendetsa nditavula nsapato, kulemekeza akuluakulu.

Amalume anatsika msinkhu pang'ono. Analibe chogwirira chitseko kunja, umapisa dzanja mkati n'kukoka kachingwe ngati ukutsegula khola la mbuzi. Mpando wawo unali wofewa, koma injini inkakuwotcha phazi lamanzere mpaka kufuna kulithira mchere.

Mdzukulu analowa m'dziko chozemba kudzera ku Joni, paja maiko akunja anali atatseka malonda boma la azungu litadzipatsa lokha ufulu. Mwa iyeyu sukhala, umagona. Matako pafupi ndi phula, miyendo yotambalala kutsogolo ngati mwana m'beseni. Thabwa lija anachotsa n'kuikapo chipulasitiki chakuda chofewa, akuti ukagunda mutu usasweke kwambiri. Magalasi opukusa, malamba omangira munthu, katsamiro kumutu, chiwongolero chaching'ono ngati mbale ya ndiwo. Ndodo ya giya yaifupi ngati chala, ili pakati penipeni pa mipando, moti posintha giya dzanja lako limapereka moni ku bondo la mnzako, ufune usafune.

Vuto linagona pamenepo. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala mphasa imodzi, sayang'anana kumaso, salankhulana popanda wapakati. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Chikwatirireni, nkhope ya a Naphiri ndinkaidziwa cham'mbali basi. N'chifukwa chake ndinapempha Agogo, amene kumbuyo kwa mipando anali ndi kampata kokhalamo munthu wochepa thupi atayang'ana kumene mwachokera.

"Agogo ali pa njerwa, Jailosi, matayala awo sapezeka," anatero Bwana Kaliwo. "Amalume ndawaphwasula. Tenga wamng'onoyo, samwa petulo wambiri. Apongozi ako ndi onenepa?"

"Ayi bwana."

"Ali ndi katundu wambiri?"

"Ayi bwana."

"Nanga nkhope yagweranji?"

Ndikanamufotokozera bwanji munthu amene ankapsompsona apongozi ake patsaya anthu akuona? Ndinalandira makiyi ndi makuponi a petulo, ndinavala ovololo ya pagalaja kuti apolisi asandiyese mbala, ndipo ndinalowa chogona m'galimotomo n'kunyamuka.

Msewu wa ku Bulawayo unali wopanda anthu ambiri. Cha kumanzere, kumene inu mukuti Budiriro lero, kunali udzu ndi ng'ombe basi. Paphula, Mdzukulu ndi mngelo, ndisaname. Chiwongolero ukangochiganizira chakhota kale, pamene Agogo umachita kulimbana nawo ngati ukupotokola khosi la ng'ombe. Pamlatho wa Hunyani panali lodibuloko: migolo, waya waminga, mzungu wachinyamata atakhala pamthunzi ndi mfuti, ndi wapolisi wachishona wa ndevu zapamlomo. Wapolisiyo anachita kuwerama kuti andipeze.

"Achimwene, mota ndeyani iyi?" anafunsa m'Chishona, kufuna kudziwa mwini galimoto.

"Ya bwana. Ndikukatenga munthu kufamu."

Anayang'ana ovololo, anayang'ana ine. "Ukabwere dzuwa lisanakhudze mitengo iyo. Tikatseka pano, ngakhale ulire m'Chibulantaya chakwanucho, ugona m'ngalande."

Pa Norton ndinaima pasitolo, ndinagula tiyi ndi banzi wa masenti asanu, wouma ngati chidendene. Mlonda wa pamenepo, mkulu wina wa ku Ntcheu, atamva kumene ndikupita anaika kapu yake pansi.

"Mukachoka paphula, muziponda m'mene yaponda thirakitala ya m'mawa. Pamene papita tayala lake, palibe chokwiriridwa."

Malangizo abwino, koma thirakitala ndi yotakata, Mdzukulu ndi wopyapyala. Ndinayenda matayala akumanja ali m'phazi la thirakitala, akumanzere ali m'manja mwa Mulungu. Mimba ya galimoto inkakhula pansi, ndipo mwala uliwonse ndinkaumva ndi matako anga. Pamenepo ndinawasowa Agogo, amene miyendo yawo italiitali inkadumpha zigwembe ngati kakowa.

Ndinafika pakomboni dzuwa lili paliwombo. Ndinanjuta kuseri kwa khitchini monga mwa mwambo, ndipo mnzawo wa apongozi, mayi Nasibeko, ndi amene ananyamula mawu kupita nawo uku ndi uku. A Naphiri anamanga kamtolo kawo msangamsanga, anagwira nkhuku yathadzi yoti akaphere mwana wawo akachira, ndipo anatuluka. Ataona galimoto anaima.

"Nasibeko, tawafunsa. Ili ndi bafa kapena bokosi la maliro?"

"Ndi galimoto, amayi," ndinauza Nasibeko.

"Ine ndikhala pati?"

"Apo."

"Iwo akhala pati?"

"Apa."

Amayi onse a pakomboni anagwira pakamwa. Wina anati adikire lole ya fodya ya Loweruka. Ine ndinayang'ana dzuwa, n'kuuza Nasibeko kuti Loweruka likhoza kupeza maliro, ndipo sindichoka pano ndekha ngakhale asilikali andipeze nditanjuta pomwepa. Apongozi anamasula chitenje china pakamtolo kaja.

"Mangani khoma."

Nasibeko anamanga nsonga imodzi pakagalasi koonera kumbuyo, ina pachitsulo cha denga la lona. Galimoto ya Bwana Kaliwo inasanduka nyumba ya zipinda ziwiri. Amayi awiri anawatsitsira apongozi pampando ngati chidebe m'chitsime, ndipo ine nditatembenukira kumbali ndinafotokozera Nasibeko mmene lamba amamangira. Koma Nasibeko analibe pokhala. Wapakati akhala ndani? Funsoli linayankhidwa tisanatuluke pageti ya famu.

"Iwe nkhuku," mawu anamveka kuseri kwa chitenje, "uwauze oyendetsa kuti ine si thumba la chimanga."

"Nkhuku," ndinayankha, "uwauze amayi kuti wolakwa ndi msewu."

"Uwafunse, chikundigunda pabondo n'chiyani?"

"Uwauze kuti ndi giya, nkhuku. Si ine. Ine ndili kuno."

Ndinayesetsa kusintha giya ndi nsonga za zala ziwiri, chigongono nditachipanikiza m'nthiti. Mwa Agogo ndodo ya giya inali yaitali, umaigwira m'mwamba kutali ndi mabondo a anthu. Amene anafupikitsa ya Mdzukulu ankaganiza za mnyamata ndi chibwenzi chake, osati za ine.

Tsoka linatipeza pakamtsinje kouma, pamene msewu umatsika n'kukwera chitunda cha miyala. Pakati pa chitundacho mphepo inakankha chitenje, chinakulunga ndodo ya giya, ndinakoka, giya inakana, injini inazima. Galimoto inayamba kubwerera chambuyo, kulunjika kumchenga kumene thirakitala sinapondeko. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, inaima, koma kuti ndinyamukenso phazi lomwelo limafunika pa mafuta. Pamafunika buleki ya pamanja. Ndipo buleki ya pamanja ya Mdzukulu ili kutsidya kwa giya, mbali ya wokwera naye. Tsiku limenelo inali pansi pa nsalu ya apongozi anga.

 Dzanja langa linanyamuka, linafika pachitenje, linabwerera lokha.

"Nkhuku," ndinatero, "uwapemphe amayi apapase kudzanja lawo lamanja, pambali pa ntchafu. Pali chitsulo chonga mpini wa chikwanje. Achikokere m'mwamba."

Nkhuku inati kwee.

"Uwafunse, ndikakoka chiphulika?"

"Uwauze kuti akapanda kukoka ndiye mwina tiphulika."

Ndinamva kr-r-r-rt. Mayi amene analima fodya moyo wawo wonse sakoka chinthu mwaulemu. Ndinamasula chitenje pandodo, ndinaliza injini, ndinalowetsa giya yoyamba.

"Nkhuku, ndikati tsopano, adine kabatani kali kunsonga, atsitse. Tsopano."

Mdzukulu anakwera chitunda ngati mbuzi. Titafika pamwamba ndinamva kuseri kwa khoma: "Iwe nkhuku, waona? Ndayendetsa galimoto." Kuchokera pamenepo, paliponse pofunika kuima ankakoka okha asanapemphedwe, nthawi zina ndisanaime n'komwe.

Titabwerera paphula ndinaponda mafuta. Dzuwa linali litapendeka, mithunzi ya mitengo itayamba kudutsa msewu. Kawotchi ka liwiro ka Mdzukulu kali kumaso kwa woyendetsa yekha, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza amene anakasamutsa, chifukwa apongozi akanakaona tikanatsika tonse.

Pamlatho wa Hunyani anali atayamba kukoka waya. Mzungu wachinyamata uja ataona chitenje chopachikidwa pakati pa galimoto anadzuka, mfuti ili m'manja, akufunsa chimene tabisa. Wapolisi wa ndevu anazungulira mbali inayo, anasuzumira, anapeza mayi wokalamba atamangidwa lamba, nkhuku pamiyendo, dzanja pabuleki. Anabwerera mbali yanga.

"Ndiambuya vako?" Ankafunsa ngati ali apongozi anga.

"Eya."

Anatembenukira kumbali kuti mzungu asaone mano ake. Ashona nawonso mwambowu amaudziwa. Anayesa kumufotokozera mnzakeyo m'Chizungu, koma mnyamatayo anaumirira kuti chitenje chichoke, aone mkati monse. Wapolisi anachimasula yekha. Ine ndinayang'ana kumanja, kumtsinje. Apongozi anayang'ana kumanzere, kumigolo. Mzungu anayang'ana makosi athu opotokawo, anayang'ana nkhuku, ndipo nkhuku yokha ndi imene inamuyang'ana. Anapukusa mutu n'kutikupizira dzanja. Wapolisi anamanganso khoma lathu ndi mfundo yabwino kuposa ya Nasibeko.

"Thamanga, mukuwasha," anatero, ndiko kuti mkamwini.

Tinalowa mu Kambuzuma utsi wamadzulo utayamba kukwera, anthu akutuluka m'mipanda kudzaona galimoto yovala chitenje. Esinati anali atagwada pakhonde, atagwira nsanamira, amayi oyandikana nawo atamuzungulira. Kutuluka mwa Mdzukulu n'kovuta kuposa kulowa, munthu amachita kubadwa. Amayi awiri anawazula apongozi, ndipo mapazi awo atangogunda pansi anathamangira mwana wawo osaonanso m'mbuyo. Pampando umene anasiyawo panagona Esinati, mayi ake anatsatira wapansi ndi anzawo, ndipo chipatala sichinali patali.

Kutacha anandiuza kuti mwana wabadwa, ndi wamkazi, ndipo akulira mokweza ngati hutala. Ndi yemweyu amene akundisunga ku Budiriro lero, amene amandiletsa shuga mu tiyi.

Magalimoto atatu aja ndinawayendetsa onse, ndipo ndinaona kuti m'badwo uliwonse ankautsitsa, kuufewetsa ndi kuwathinanitsa anthu ake. Agogo ankakupweteka msana koma ankakusungira ulemu. Mdzukulu ankakusunga msana, ulemu uzionere wekha. Koma Agogo sakanafika pamlatho uja waya asanatseke.

Tsiku limene Esinati anatuluka m'chipatala, nkhuku ija inaphedwa kuti amwe msuzi. Ine ndinali panja, ndikupukuta nthenga ndi zitosi pampando wa Bwana Kaliwo. Apongozi anatulukira pakhomo, anayang'ana uku ndi uku pabwalo, ngati akufuna wina womutuma. Kenako anakumbukira kuti wapakati wathu ali mumphika. Anatsokomola, anayang'ana tayala lakutsogolo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni analankhula ndi ine.

"Akamwini."

"Wawa, amayi."

"Galimoto yanuyi ilibe mwambo. Pobwerera kufamu, chitsulo chija ndikoka ndine."